Oyilo wada, kodi watha? Zikhulupiriro ndi zoona pa sevisi ya njinga zamoto ku Zomba

Mukaima kanthawi pa siteji ya kabaza pafupi ndi yunivesite ku Chirunga, m'mawa makasitomala asanachuluke, mudzaona mnyamata atawerama pambali pa njinga yake. Wamasula kachivindikiro ka oyilo, wadontheza kadontho pachala, akukapekesa ndi chala chachikulu, kenaka akukanunkhiza. Anzake amuzungulira, aliyense ndi maganizo ake. Wina akuti, "Wada uyu amwene, kathireni wina." Mnzake akutsutsa: "Akadali ndi mphamvu, taonani mmene akunandira." Palibe amene wafunsa kuti njingayo yayenda makilomita angati chithirireni oyiloyo, poti chingwe cha mita chinaduka kalekale.

Masiku ena, makamaka Loweruka ndi Lamlungu, pamsewu wa M3 pamadutsa njinga za mtundu wina: Honda CBR, Yamaha R6, Suzuki GSX-R, Kawasaki Ninja. Zimachokera ku Blantyre, mtunda wa makilomita pafupifupi 65, n'kukhotera kumsewu wokwera phiri wa ku Ku Chawe. Zambiri mwa njingazi zinagulidwa zitagwirapo kale ntchito ku Joni kapena kutsidya kwa nyanja. Eni ake ndi osiyana kwambiri ndi anyamata a Boxer, Lifo ndi King Lion, koma mukatchera khutu mupeza kuti zimene amakhulupirira pa kasamalidwe ka njinga n'zofanana. Zikhulupirirozi sizinangogwa kumwamba ayi. Zinabadwa kwa anthu amene agwira sipanala zaka zambiri, ndipo chilichonse chili ndi choona chake. Vuto lake ndi lakuti zonse zimadalira diso, khutu ndi chala, pamene zinthu zoopsa kwambiri pa njinga zimatha mwakachetechete, popanda phokoso kapena mtundu wosintha. N'chifukwa chake opanga njinga amalemba makilomita ndi miyezi ya sevisi m'buku.

Tiyambe ndi chala chija. Oyilo wabwino amakhala ndi mankhwala otsuka m'kati mwa injini. Amatola mwaye wotsala petulo akapsa, n'kuusunga kuti usakakamire pa pisitoni kapena kutseka tinjira tating'ono todutsa oyiloyo. Ndiye oyilo akada patangopita masiku ochepa, nthawi zambiri ndiye kuti akugwira ntchito yake. Kuda pakokha sikutanthauza kuti watha, ndipo kuyera sikutanthauza kuti akadali bwino. Pa njinga zamoto zambiri oyilo mmodzi yemweyo amazungulira mu injini, m'magiya ndi mu kilatchi. Mano a magiya amamupera tsiku lonse mpaka amayamba kupyapyala injini ikatentha. Petulo pang'ono amatsikiramo, chinyezi chimalowamo, mankhwala oteteza zitsulo amachepa. Zonsezi chala sichingazimve.

Komabe chala sichinama pa zonse, ndipo sindinganene kuti anyamata aleke kuchigwiritsa ntchito. Oyilo akasanduka wotuwa ndi wathovu, mwalowa madzi. Akamanyezimira tizitsulo padzuwa, china chake chikudyeka m'kati. Akamanunkha petulo kwambiri, kabuleta ikutaya kapena maring'i atha. Mukaona zimenezi musadikire tsiku la sevisi. Chala chimadziwa kunena kuti zinthu zaipa kale. Chimene sichidziwa ndi kunena kuti kwatsala pang'ono.

Nanga oyilo azisinthidwa liti? Mabuku a njinga zothamanga kwambiri amaika malire pakati pa makilomita 6,000 ndi 12,000, kapena chaka chimodzi, kutengera chimene chayamba kukwana. Njinga zotere zimanyamula malita pafupifupi atatu kapena anayi, zili ndi filita ya oyilo, ndipo injini yake imaziziritsidwa ndi madzi. Njinga ya kabaza ya 100cc mpaka 150cc imanyamula lita imodzi yokha, imazizira ndi mphepo basi, ndipo zambiri zilibe filita yeniyeni, zimangokhala ndi kasefa ka waya. Kuonjezera apo imanyamula anthu ndi matumba kuyambira m'mamawa mpaka usiku, kuchoka ku Chikanda kupita ku Mpondabwino, ku Chinamwali, ku Matawale. Pa ntchito yotere ine sindingalole oyilo kupitirira makilomita 2,000 mpaka 3,000. Woyenda makilomita 100 patsiku afika pa 3,000 m'masiku 30 okha. Ngati mita inafa, kalendala ikhoza kugwira ntchito yake, koma kukonzetsa chingwe cha mita n'kotchipa kuposa china chilichonse chimene tikambe pano. Kungowonjezera oyilo akachepa si sevisi, chifukwa litsiro lonse limakhalabe momwemo. Ndipo njinga yatsopano, kapena imene injini yake yangotsegulidwa kumene, isinthidwe oyilo msanga, isanapitirire makilomita 1,000, poti zitsulo zatsopano zimatulutsa tizidutswa pozolowerana.

Pali mawu ena amene amamveka kawirikawiri: "Oyilo ndi oyilo." Munthu ali ndi galimoto kunyumba, watsala ndi lita m'chigubu, akuona kuti n'kuwononga ndalama kugula wina wa njinga. Maganizowa ndi omveka, koma kilatchi ya galimoto ndi youma, pamene ya njinga imasambira mu oyilo. Oyilo wambiri wa magalimoto amakono anaikidwa mankhwala owonjezera kuterera kuti galimoto isamwe mafuta ambiri. Mankhwala amenewo akafika pa mapuleti a kilatchi ya njinga, kilatchi imayamba kuterereka. Mumva injini ikulira kwambiri pokwera chitunda koma liwiro osawonjezeka. Chifukwa cha vuto limeneli, ku Japan anakhazikitsa muyezo wapadera wa oyilo wa njinga zamoto mu 1998. Yang'anani kumbuyo kwa botolo: pakhale mawu akuti JASO MA kapena JASO MA2. Ngati palembedwa JASO MB, ameneyo ndi wa masikuta, amene kilatchi yake siikhudzana ndi oyilo.

Enanso amati oyilo wolimba kwambiri ndiye wabwino. Pa injini yokalamba imene ikutulutsa utsi, oyilo wolimba amachepetsadi utsi ndi phokoso, ndipo njinga zambiri zazing'ono buku lake limalola 20W-50. Koma injini ya R6 imazungulira koposa ka 15,000 pa mphindi, mipata yake ndi yaying'ono kwambiri, ndipo nthawi zambiri imafuna 10W-40. M'mawa wa June kapena July, chiperoni chitakuta phiri, oyilo wolimba amachedwa kufika pamwamba pa injini, ndipo masekondi oyambawo ndi amene zitsulo zimadyana kwambiri. Pa chifukwa chomwecho, kuliza injini yozizira mwamphamvu pofuna kuitenthetsa n'kuizunza. Ilizeni, ikhale mphindi imodzi kapena ziwiri, nyamukani pang'onopang'ono. Za oyilo wogulitsidwa m'mabotolo opanda chizindikiro m'mbali mwa msewu ndingonena mwachidule: simungadziwe chimene chilimo, choncho musachithire mu injini imene imadyetsa banja lanu.

Tcheni nacho chili ndi zikhulupiriro zake ziwiri. Choyamba n'chakuti chizikhala chokoka kwambiri kuti chisagwe. Koma mukakweza munthu ndi thumba la chimanga, kumbuyo kwa njinga kumatsika ndipo tcheni chimakokeka chokha. Ngati chinali chomangika kale, mphamvu yonseyo imapita pa mabelingi a giya ndi a tayala. Njinga zambiri za pamsewu zimafuna kuti tcheni chizisewera pakati pa mamilimita 25 ndi 35, ndipo ena opanga amamata nambala yeniyeni pachitsulo chogwira tayala lakumbuyo. Chachiwiri n'chakuti oyilo wakale wochoka mu injini ndi wokwanira kupaka tcheni. Inde, aposa tcheni chouma gwa. Koma fumbi la msewu wa ku Kachulu likasakanikirana ndi oyilo wakudayo, limakwecha tcheni ndi mano a sipuloketi monga mchenga umakwechera poto. Tsukani kaye ndi palafini, pukutani, kenaka pakani mafuta oyera pa makilomita 500 mpaka 1,000 alionse, komanso nthawi zonse mukayenda pamvula. Tcheni cha njinga zazikulu chili ndi timphira tosunga girisi m'kati, ndipo petulo amawononga timphirato. Chikatha, sinthani pamodzi ndi masipuloketi onse awiri, apo ayi mano akale adzadya tcheni chatsopano msanga.

Tsopano tikwere phiri, pakuti nkhani imene imandidetsa nkhawa kwambiri ili kumeneko. Phiri la Zomba nsonga yake imapitirira mamita 2,000, ndipo msewu wochoka ku Ku Chawe kutsikira m'tauni ndi wotsetsereka, wokhotakhota, phompho lili pambali. Mumakumanamo ndi abambo otsika ndi njinga zakapalasa zodzaza nkhuni, ana ogulitsa zipatso, magalimoto a alendo. Pamsewu umenewu oyendetsa ena amaika njinga pa fili, ena amazimitsiratu injini, kuti apulumutse petulo. Ndi mmene petulo wakhala akusowera ndi kukwerera mtengo m'zaka zapitazi, palibe amene angawaseke. Koma taonani chimene chikuchitika. Njinga ikakhala m'giya yotsika, injini yokha imagwira liwiro, mabuleki amangothandizira. Ikakhala pa fili, katundu yense, njinga, woyendetsa ndi wokwera, ali pa mabuleki kuyambira pamwamba mpaka pansi. Mphamvu yonseyo imasanduka kutentha.

Mabuleki a dilamu, amene ali pa njinga zambiri za kabaza, akatentha dilamuyo imafutukuka ndipo malayining'i amaleka kugwira bwino. Mumaponda mpaka pansi koma njinga ikupitabe. Mabuleki a disiki ali ndi vuto lina, la mafuta a mabuleki. Mafuta amenewa amakoka chinyezi cha mumpweya pang'onopang'ono, ngakhale njinga itangoima m'galaja. Malinga ndi muyezo, mafuta atsopano a DOT 4 sayenera kuwira kutentha kusanafike madigiri 230, koma akamwa madzi osakwana magawo anayi pa 100 alionse, malirewo amatsika kufika pa madigiri 155. Akawira, m'paipi mumadzaza nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika. Chogwirira buleki chimene chinali cholimba m'mawa chimangofika pachiwongolero chopanda kanthu, ndipo zimachitika pa kona, pamene mukuchifunitsitsa. Pamsewu wosalala wa m'tauni mafuta akalewo amagwira bwinobwino, n'chifukwa chake mwini njinga amakhulupirira ndi mtima wonse kuti mabuleki ake ali bwino poti mapadi akadali okhuthala. Opanga njinga ambiri amati mafuta a mabuleki azisinthidwa pa zaka ziwiri zilizonse, mosawerengera makilomita. Kuno, kumene mvula imagwa kuyambira November mpaka April ndipo nkhungu imakhala paphiri masiku ambiri, zaka ziwirizo musazipitirize. Za petulo wopulumutsidwayo, pa njinga ya kabuleta ndi wochepa kwambiri, ndipo njinga zambiri zamakono za injekishoni zimadula zokha petulo mukasiya moto muli m'giya. Komanso injini ikazima, pampu ya oyilo imaima pamene magiya ena akuzungulirabe ndi tayala.

Nkhani ya mafuta a mabuleki ikutifikitsa pa chikhulupiriro chimene chimapezeka kwambiri kwa eni njinga zazikulu: "Yangoyenda makilomita ochepa chaka chino, sikufunika sevisi." Njinga yongokhala imakalambanso. Petulo wa m'Malawi muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, amene anayamba kupangidwa ku Dwangwa mu 1982, kenaka ku Chikwawa mu 2004. Petulo wotere alibe vuto akamagwiritsidwa ntchito msanga, koma akakhala miyezi mu thanki yosadzaza amakoka chinyezi, madzi amadikha pansi, dzimbiri limayamba, ndipo timabowo ta kabuleta kapena ta injekishoni timatsekeka. Petulo wa m'zigubu, amene ambiri tagulapo pa nthawi ya mizere, amabweranso ndi zinyalala zake. Batire limaphwa. Matayala amauma ngakhale mizere yake ikadali yakuya. Pambali pa matayala ambiri pali manambala anayi kumapeto kwa mawu oyamba ndi DOT: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Ngati palembedwa 2319, tayalalo linapangidwa m'sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Likapitirira zaka zisanu liziunikidwa chaka ndi chaka, ndipo likayamba ting'alu m'mbali, lachoka pa ntchito. Pa njinga yokhota mopendekeka pa liwiro, malo a tayala okhudza phula ndi ochepa kwambiri, ndipo mphira wouma sugwira msewu wonyowa.

Chikhulupiriro chovuta kwambiri kuchisiya ndi chakuti injini yachete ndi injini yathanzi. Mwini njinga akamva kakuti "tiki tiki" pamwamba pa injini amathamangira kwa makaniko n'kunena kuti, "Bwana, mangani matapeti aleke kulira." Makaniko wofuna kusangalatsa kasitomala amamanga mpaka kachete, ndipo onse amasiyana akumwetulira. Koma pakati pa valavu ndi chitsulo choikankha pamayenera kukhala kampata, kochepa kwambiri, pa njinga zazing'ono nthawi zambiri kosapitirira gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita. Kampatako kalipo chifukwa chitsulo chimatalika chikatentha. Kakatha, valavu siitsekeka bwino, mpweya wamoto umadutsa m'mphepete mwake, ndipo poti valavu imataya kutentha kwake pokhala pampando wake, imapsa. Kampata kakakula pang'ono mumamva phokoso, ndipo phokosolo limakuchenjezani. Kakachepa simumva kanthu. Mumangoona njinga ikuvuta kuliza m'mawa, ikuzima yokha mukaima, mphamvu ikuchepa, inu n'kumasintha mapulagi pachabe. Pa injini zothamanga kwambiri kampataka kamakonda kuchepa osati kukula, poti valavu imamira pang'onopang'ono pampando wake.

Pachifukwa chimenechi matapeti sasetedwa ndi khutu. Amayezedwa ndi timapepala tachitsulo ta fila geji, injini ili yozizira. Pa Boxer kapena Honda yaying'ono ndi ntchito yosatenga nthawi, ya sikuludiraiva ndi sipanala. Pa njinga ya masilinda anayi muli mavalavu 16, ndipo kusintha mpata kumafuna kuchotsa makamushafuti ndi kuika timashimu ta makulidwe oyenera. Yamaha imaika ntchito imeneyi pa makilomita pafupifupi 40,000 pa R6 ndi R1. Honda CBR600RR imafuna pa makilomita pafupifupi 24,000, chimodzimodzi Ducati Panigale V4. Ndi ntchito yodula, ndipo mashimuwo kawirikawiri amachita kuitanitsidwa kunja, choncho eni ambiri amailumpha, makamaka akatsala pang'ono kugulitsa njinga. Wogula njinga yotere yopanda buku la sevisi ayenera kuganiza kuti palibe chimene chinachitidwa, n'kuyambira pamenepo: oyilo ndi filita, mafuta a mabuleki, madzi a ladiyeta, mapulagi, mavalavu. Walira mvula walira matope. Ngati ndalama ya zonsezi palibe, ndi bwino kugula njinga yaying'ono imene mungathe kuisamalira.

Polowera mpweya mu injini pali chinthu chotchipa chimene chimateteza zonse zodulazi, filita ya mpweya. Pansi pa ndandanda ya sevisi m'mabuku ambiri muli kamzere konena kuti m'malo a fumbi kapena a mvula filita iziunikidwa pafupipafupi kuposa mmene palembedwera. Kuyambira August mpaka mvula yoyamba, misewu yathu ya dothi ndi malo amenewo. Ena amachotsa filita kuti njinga "ipume" ndi kulira mokweza. Imaliradi, koma fumbi limapita molunjika m'silinda kukadya maring'i. Filita ya siponji itsukidwe, iume, ipakidwe oyilo pang'ono. Ya pepala siitsukidwa ndi petulo kapena madzi, ndipo ya pepala lonyowa ndi mafuta, imene ili pa njinga zambiri za Honda ndi Yamaha, siipopedwa ndi mpweya wa kompuresa, imangosinthidwa. Mu ladiyeta namo musathire madzi a pampopi okhaokha poganiza kuti kuno kulibe chisanu choumitsa madzi. Kulanti, madzi apadera a ladiyeta, amatetezanso aluminiyamu ku dzimbiri ndipo amachedwa kuwira, koma nayenso mphamvu yake imatha pa zaka ziwiri kapena zitatu.

Ndikudziwa kuti mnyamata wa kabaza ali ndi ndalama yoti akapereke kwa mwini njinga madzulo alionse, ndipo tsiku la sevisi kwa iye ndi tsiku lopanda ndiwo. Apa eni njinga ndi amene ayenera kuyamba. Gwirizanani kuti sevisi ili pa ndani, ikani tsiku lake, ndipo tsiku limenelo musafunse ndalama yonse. Amakaniko a m'tauni muno ambiri ndi aluso, koma amagwira ntchito imene mwawapempha ndi imene mwalipira. Apempheni ayeze, osati angomvetsera. Gulani kope la sukulu, muzilembamo tsiku, makilomita ndi chimene chasinthidwa. Ngati buku la njinga yanu linatayika, opanga ambiri amaliika pa intaneti, ndipo nambala za m'bukumo ndi zimene muyenera kutsata koposa zanga.

Inu amene mukukonzekera kukwera ku Ku Chawe kumapeto kwa sabata ino, dzifunseni kuti mafuta a mabuleki pa njinga yanu anasinthidwa liti. Ngati simukukumbukira, pitani kaye kwa makaniko, ndipo potsika phiri mukhale m'giya.